Wotchi ya Bambo Inkatsalira Maola Awiri

Kwathu, kumtunda kwa Lizulu, aliyense ankadziwa kuti nthawi sitifunsa kwa bambo anga. Wotchi anali nayo, yachitsulo, yochita kupukusa ndi zala, imene anabwera nayo kuchokera ku migodi ya ku Joni ine ndisanayambe sukulu. Inkayenda bwinobwino, osaphonya. Koma ukawafunsa nthawi dzuwa lili paliwombo, ankakankha mkono wa malaya, n'kuyang'anitsitsa ngati dokotala, n'kukuuza mosakayika kuti ndi teni koloko. Mlendo ankayang'ana dzuwa, n'kuyang'ana nkhalambayo, n'kungothokoza. Ife a m'nyumba tinkawonjezera maola awiri chamumtima n'kupitiriza zimene tikuchita.

Wotchiyo sinali yowonongeka. Inkasunga nthawi ya ku London, kumene mng'ono wanga anapita kukagwira ntchito ya unamwino. Iyeyo ndiye mzime m'nyumba mwathu, ine ndine chisamba. Pakati pathu pali amuna awiri amene anakhazikika m'tauni kalekale. Ine ndinatsala pafupi ndi makolo, ndikugulitsa kachewere pamsika wa Lizulu, ndipo ndinaona ndi maso anga m'mene chifuwa chimene bambo anachitenga pansi pa mgodi chinkawadyera pang'onopang'ono. Iwo sankadandaula. Chimene ankapempha kwa Mulungu chinali chimodzi, ndipo ankachinena poyera pa pemphero la chakudya mpaka ndiwo kuzizira: kuti adzamuonenso mzime wawo ndi maso asanatsikire kuli chete.

Nkhani ya maola awiriyi inayamba Lamulungu lina mu Novembala, titachokera ku tchalitchi. Zinali zaka zija anamwino ankachoka m'zipatala zathu ngati ngumbi mvula ikagwa, ndipo mng'ono wanga naye mwayi unamugwera. Anabwera kudzatsazika. Tinakhala pakhonde, amayi akusenda mbatata, bambo ali pampando wawo wandalema, iye akufotokoza za ulendo.

"Ndikanyamuka ku Lilongwe, ndege iyamba yapita ku Joni," anatero. "Ndi maola awiri ndi kanthu."

Bambo anawongoka pampando. "Ku Joni? Udutsa ku Joni kwanga?"

"Kungosintha ndege, bambo. Sindituluka n'komwe panja."

Zinawapweteka pang'ono, ndinaona. Joni amene anawadyera unyamata wawo, Joni wa nkhani zosatha zimene tinakula tikuzimva, kwa mwana wawo anali siteji chabe, potsikira n'kukwera ina. Komabe sanalole kuti mpata uwadutse. M'mudzi monse okwerapo ndege anali iwo ndi madoda anzawo a ku migodi, ndiye anayamba kupereka malangizo. Akhale pafupi ndi chitseko. Asadye zamafuta. Atseke makutu ndi thonje, chifukwa chinthucho chimalira ngati zigayo khumi pamodzi, ndipo akatsika azimva anthu ngati akulankhulira m'madzi. Mng'ono wanga anati ndege za masiku ano zili ndi mipando yawofuwofu, mumadyera momwemo, mumaonera ndi kanema. Bambo anangoti ndege ndi ndege, n'kutuma amayi kuti amupezere thonje.

Amayi nawo anali ndi funso lawo.

"Paja unati ku Mangalande n'kumpoto? Nanga ukuyamba watsetsereka kummwera chifukwa chiyani? Munthu wopita ku Dedza amayamba wakafika ku Balaka?"

"Ndi m'mene ndege zimayendera, amayi."

"Zimayenda mopusa," amayi anatero, n'kuponya mbatata m'beseni.

Kenako anafika pa ulendo waukuluwo. Ku Joni akanyamuka eiti koloko madzulo, akakhala m'mwamba maola khumi ndi limodzi osatera paliponse, ndipo ku London akafika faifi koloko m'mawa. Bambo anatambasula manja n'kuyamba kuwerenga. Chala chawo chimodzi cha kumanzere chinatsala ku mgodi, ndiye masamu awo a pa zala ankafuna kuleza mtima.

"Seveni koloko," anatero.

"Faifi, bambo."

Anawerenganso. "Seveni. Kuchokera eiti, ukayenda maola khumi ndi limodzi, ndi seveni. Ngakhale kwa azungu."

"Mwina ndi chala chija chikusokoneza," ndinatero ine. Anandiponyera diso loti ndikanakhala wamng'ono ndikanathawa.

Mng'ono wanga anafotokoza kuti kumeneko dzuwa limafika mochedwa, choncho mawotchi awo amatsalira maola awiri pa athu. Kuno ikamakwana seveni, kumeneko ndi faifi. Bambo, poti anali oyendayenda, anagwedeza mutu ngati ankadziwa kale ndipo amangomuyesa. Amayi ndiye anaika mpeni pansi.

"Ine ndimaoloka msewu uwu pafupifupi tsiku lililonse kupita ku Mozambique. Ndi dziko lina lenileni, apolisi ena, ndalama zina. Sindinamvepo kuti tsidya lija nthawi ndi ina."

"Kuja n'kufupi, amayi. Ku London n'kutali."

"Ndiye ukuti ife tikamadya nkhomaliro, iwo kukadali m'mawa?"

"Eya."

"Ndiye kuti zimene zachitika kuno, kumeneko zimakhala zisanachitike."

Tinaseka mpaka bambo chifuwa chinawagwira. Mng'ono wanga anatola mbatata imodzi kuti ikhale dziko lapansi, ine anandisandutsa dzuwa, n'kumaizunguliza patsogolo pa nkhope yanga. Nthawi ndi imodzi, amayi, chosiyana ndi manambala a pa wotchi basi. Amayi anaonerera mpaka pamapeto, kenako analanda dziko lapansilo n'kulisenda. "Wanena wekha kuti ali m'mbuyo," anatero.

Ine ndi pakamwa pangapa, nkhani imeneyi sindinaisiye. Kwa zaka ndinkawaseka nayo. Mbale ikagwa n'kusweka ndinkati, "Musadandaule amayi, ku London ikadali yabwinobwino." Mbuzi ikalowa m'dimba n'kudya kabichi, ndinkati tiimbire ku London aitchingire isanafike. Amayi ankandigenda ndi chitsononkho, koma maganizo awo sanasinthe.

Tsiku lija pakhonde, bambo ndi amene anafunsa za pobwerera.

"Pobwera wotchi imalumpha kutsogolo," mng'ono wanga anayankha. "Ulendo ndi womwewo, koma mukayang'ana nthawi yonyamukira ndi yofikira, umaoneka ngati wa maola khumi ndi atatu."

"Popita kufupi, pobwera kutali," bambo anatero motsitsa mawu. "Zimenezo ndiye ndikuzidziwa."

Amayi sanawamve. Anali ataphatikiza maola onse n'kupeza kuti sakukwana n'komwe tsiku lathunthu, ndipo nkhope yawo inawala. Iwo anakwerapo basi kupita ku Karonga kukaona mlongo wawo. Ananyamuka pa Lizulu m'mawa, basi n'kufera m'njira, n'kukafika mawa lake miyendo itatupa. "Ndiye London wakoyo ali kuno kwa Karonga," anatero. "Usiku umodzi basi. Uzibwera pa Khirisimasi."

Tinamuperekeza tonse mpaka ku bwalo la ndege ku Lumbadzi. Amayi anamukonzera kamba wa munthu wopita ku Joni wapansi: nkhuku yokazinga, mtedza, mbatata yophika, chimanga chokazinga. Zonsezo tinadya tokha mu minibasi pobwerera, chifukwa mwini ulendo anati sizingaloledwe. Thonje lokha ndi limene analandira. Bambo anavala jasi lawo la ku Joni, lija lokhuthala ngati bulangete, mu Novembala, thukuta lili kamukamu. Anati munthu sapita ku bwalo la ndege ngati akupita kudimba. Tinakwera pamwamba pamene operekeza amaimirira. Ndege itazimiririka m'mitambo, amayi akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, bambo anavula wotchi, n'kukoka kachitsulo ka m'mbali kaja, n'kubweza mivi maola awiri.

"Akadali m'mwamba mwa Malawi momwe muno," ndinatero. "Mwafulumira."

"Akafike apeze nthawi yake ikumudikira," anayankha, n'kuivalanso.

Kuyambira tsiku limenelo bambo thupi linali ku Lizulu, mkono wamanzere uli ku London. Tikamapita kudimba m'mamawa ankati, "Musasokose, mzime akadali m'tulo." Dzuwa likakwera pang'ono ankati, "Pano wadzuka, akumwa tiyi." Sankadziwa maonekedwe a nyumba imene amakhala kapena a chipatala chimene amagwirako, koma nthawi yolowera ndi yowerukira ankaidziwa ngati ndi kapitawo wake. Ine ndinkadziwa kuti masabata ambiri amagwira ya usiku, moti pamene bambo akuti akumwa tiyi amakhala akungodziponya kumene pabedi. Sindinawauze.

Ku tchalitchi iwo ndi amene ankaimba belu. Lamulungu lina anaiwala kuwonjezera. Anthu anadikira belu mpaka kutopa, n'kungobwera okha, n'kuwapeza bambo atakhala phee pansi pa mkungudza, akuti nthawi ikadalipo. Akulu a mpingo anawapatsa ntchito ina mwaulemu. Koma pamsika wotchiyo inawapatsa dzina. Anyamata okonda mpira wa ku Mangalande ankawaimitsa Loweruka kufunsa ngati kumeneko yakwana nthawi yoyamba, ndipo bambo, amene sankadziwa ngakhale timu imodzi, ankayankha monyadira ngati ndi iwo oimbira.

Mng'ono wanga anatitumizira foni ya m'manja. Netiweki inkagwira pamalo amodzi okha, kuseri kwa khola la ng'ombe, ndiye nkhani zonse zikuluzikulu za banja lathu zinkakambidwa pafungo la ndowe. Chakumapeto kwa Malichi anaimba kuti tiwauze bambo asunthe wotchi: kumeneko asintha nthawi, tsopano kusiyana ndi ola limodzi lokha. Bambo anakwiya. "Ndi anthu otani osuntha nthawi ngati mbuzi ya pachingwe?" Koma anasuntha. Amayi ndiye anakondwa kwabasi. "Akusendera," anatero. "Chaka chamawa tidzakhala pamodzi." Mu Okutobala uthenga unabwera woti abwereranso pa maola awiri paja, ndipo tsiku limenelo amayi sanadye bwino.

Khirisimasi yoyamba inadutsa, mzime osabwera. Anati ayambe wamaliza maphunziro ena kuti amuvomereze ntchito. Yachiwiri anati mapepala ake ali ku ofesi, akatuluka m'dzikomo sangalowenso. Yachitatu anzake anatenga tchuthi iye asanapemphe. Ankaimba, ankatumiza mankhwala ndi zovala, nyumba tinafolera malata, koma mwiniwake ayi. Amayi zinkawawawa kwambiri, ndipo chimene chinkawapweteka ndi kufupika kwa ulendowo. Akanauzidwa kuti ndi ulendo wa mwezi wathunthu pa sitima ya pamadzi, bwenzi atapirira.

"Usiku umodzi," ankatero akupeta nyemba. "Munthu angalephere usiku umodzi chifukwa cha amake?"

Tsiku lina bambo anawayankha. "Mayi, paja ine ndege ya ku migodi inandinyamula ku Chileka m'mawa. Dzuwa lisanalowe ndinali nditaponda kale dziko la eni. Munandionanso liti?"

Amayi anangopitiriza kupeta nyemba zawo.

"Patapita zaka ziwiri. Uyu," bambo analoza ine, "anandithawa n'kukabisala kunkhokwe, akuti kwabwera munthu wachilendo. Ndege sichedwa, mayi. Amachedwetsa munthu ndi eni ntchito."

Ineyo ndiye ndinali ndi kamtima kanga. Wopita nawo ku chipatala ku boma ndinali ine. Wokangana ndi makondakitala kuti awapatse mpando wakutsogolo, ine. Wosiya ndowa za kachewere m'manja mwa anzanga tsiku la msika kuti ndikafole pamzere wa mankhwala, ine ndemwe. Koma pamkono ankanyamula nthawi ya wina. Tsiku lina ndinawafunsa, mwanthabwala koma zochokera pansi pa mtima, kuti nanga wotchi yanga ili kuti.

"Iwe ndimakuona ndi maso," anatero. "Ukakwiya ndimamvera mapoto. Wotchi ndi ya amene sindikumuona."

Ndinaseka, ndipo kamtima kaja kanatsika, ngakhale sikanathe konse.

Chaka chotsatira, mvula ili pakati, chimanga chikumasula, chifuwa chija chinakula. Anagonekedwa ku boma, kenako anapempha okha kuti abwerere kunyumba, ndipo madokotala sanawakanize. Mng'ono wanga atamva zoti sanawakanize, anamvetsa kuposa tonsefe. Anaimba ndili kuseri kwa khola, mvula ikuwaza.

"Achemwali, tchuthi andipatsa, tikiti ndagula. Ndinyamuka Lachinayi madzulo, Lachisanu masana ndili ku Lilongwe. Koma ndikupempheni chinthu chimodzi. Zikavuta ndisanafike, musadzandiuze kuti matenda akula."

Ndinadziwa chimene ankanena. Kwathu munthu amene ali kutali sitimuuza za imfa mwachindunji. Timati matenda akula, bwerani msanga, kuti ayende mtima uli m'malo, ndipo zoona zake amazidziwa akaona masamba atayalidwa pamsewu ndi anthu atadzaza pabwalo.

"Ine ndine namwino," anapitiriza. "Anthu amafera m'manja mwanga. Mudzandiuze zoona, ndipo mudzandiuze nthawi yomweyo. Mwalonjeza?"

Ndinalonjeza.

Bambo atamva za Lachisanu, anachita ngati amwa mankhwala atsopano. Anadya. Anauza amayi kuti awamete ndevu, mwana asadzawapeze ngati tchire. Anawerenga pa zala zawo zotsalazo maola onse, a ku London mpaka ku Joni, odikira pabwalo, a ku Joni mpaka ku Lilongwe, a galimoto mpaka pa Lizulu, n'kudandaula kuti pobwera n'kutalidi. Ankati akadzamva kulira kwa galimoto tidzawakhazike pakhonde, pampando wandalema, chifukwa sakufuna kuti mzime awapeze chogona. Mng'ono wanga atafunsa pa foni choti awabweretsere, sanachedwe kuyankha.

"Jasi. Langali latha, ndipo Juni akubwera."

Munthu wolephera kufika yekha pakhomo, akukonzekera chisanu cha Juni! Amayi anatuluka panja n'kukayamba kusesa pamene anali atasesa kale.

Lachinayi kunacha bwino, mvula itasiya. Bambo anamwa phala masipuni angapo. Zala zinali zitafooka, ndiye anandipempha kuti ndiwapukusire wotchi ili pamkono pomwepo. Anaiyang'ana nthawi yaitali. "Wadzuka," anatero. "Akulongedza." Amenewo ndiwo mawu awo omaliza amene ndinawamva. Cha m'ma leveni koloko, wailesi ya oyandikana nafe ikumveka chapatali, anapuma kawiri mozama, n'kusiya. Amayi anawatseka maso ndi dzanja lawo, n'kuwongola bulangete.

Kunangotsala tsiku limodzi. Ndinaimirira n'kutenga foni pawindo kuti ndipite kuseri kwa khola. Amayi anandigwira chitenje.

"Ukupita kuti?"

"Ndikamuuze. Ndinalonjeza, amayi."

Amayi ananyamula mkono wa bambo mosamala ngati akuopa kuwadzutsa, n'kuutembenuza kuti ndione wotchi. Inkayendabe. Inali naini koloko.

"Bambo ako atisiya leveni koloko," anatero. "Kumeneko sinakwane. Mwana wanga akadali ndi bambo ake. Musiye akhale nawo."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zimene tinkawauza zaka zonsezi, kuti nthawi ndi imodzi, chosiyana ndi manambala. Koma maso a amayi sanali a munthu wosokonezeka. Anali ouma, akundiyang'ana m'mene ankandiyang'anira ndili mwana ndikafuna kulankhula pamaso pa alendo. Mpaka lero sindidziwa ngati ankakhulupiriradi zimenezo, kapena anangopeza poti amubisepo mwana wawo kanthawi. Sindinawafunsepo. Ndinakhala pansi foni ili m'manja.

Uthenga wa m'mudzi unayenda monga mwa nthawi zonse. Ine ndinapita kuseri kwa khola kukaimbira alongo anga a m'tauni, n'kuwauza kuti aliyense woimbira ku London adzayankha kwa amayi. Ndili komweko, foni inanjenjemera. Unali uthenga wochokera kwa mng'ono wanga. Ankati ali m'sitolo, wapeza majasi abwino, kodi bambo amavala lalikulu bwanji, poti anawaona kalekale.

Ndinauwerenga mobwerezabwereza. Pobwerera m'nyumba ndinapeza azimayi atayamba kufika, akutulutsa mipando, akuyala mphasa. Amayi anali atakhala pafupi ndi bambo, wotchi ataivula ili m'manja mwawo, osalira. Azimayi ankayang'anana. Namfedwa wotani wosalira? Ndinagwada n'kuwanong'oneza uthengawo.

"Muuze atenge lalikulu," anatero. "Ali ndi mapewa."

Ndinapita kukhola n'kukalemba momwemo. Yankho linabwera msanga: lakuda kapena labulauni? Ndinabwereranso kwa amayi.

"Labulauni. Lakuda limaonetsa fumbi, ndipo bambo ako sasankha pokhala."

Ndinalembanso, misozi ikugwera pa mabatani, ndikupukuta ndi chitenje kuti ndione zilembo. Iye anayankha kuti wagula, n'lokongola zedi, ndiwauze bambo kuti mawa alivala. Uthenga umenewo sindinakawauze amayi.

Maola awiri amenewo anali aatali kuposa ulendo wa ku Karonga. Amuna anayamba kusonkhana pansi pa mtengo, ena anapita kukadula masamba a pamsewu, azimayi a chigwirizano anayamba nyimbo chapansipansi. Mmodzi mwa amayi aakulu anasendera n'kuwauza amayi kuti alire, kusunga misozi kumadwalitsa. Amayi anangoti, "Pang'ono," maso ali pa mivi. Itakwana leveni pa wotchi ya bambo, anaimirira, anamanga chitenje mwamphamvu m'chiuno, n'kudutsa pakati pa anthu kupita kuseri kwa khola, ine ndikuwatsatira. Anandiuza kuti ndiimbe, n'kulanda foniyo.

"Mzime wanga," anatero. "Yakwana tsopano kwanuko. Bambo ako apita."

Ndinamva kukuwa kwa mng'ono wanga kuchokera m'kafoni kaja. Apo ndi pamene amayi anagwa m'matope n'kuyamba kulira, kulira kwenikweni, ndipo azimayi onse pabwalo anawalandira.

Anafika Lachisanu chakumadzulo, maso atatupa, atalira kuchokera ku London mpaka ku Joni, ku Joni mpaka ku Lumbadzi. Galimoto itaima, maso ake anayamba apita pakhonde, pamene panali mpando wandalema utapindidwa n'kutsamiritsidwa kukhoma. Tinaika Loweruka. Nyimbo za mpingo zitatha, madoda anzawo a bambo anawaperekeza ndi za ngoma, zija amaimba akupondaponda pansi.

Anthu atayamba kuchepa, mng'ono wanga anandipeza kuseri kwa khitchini ndikutsuka mapoto. Anali atamva kwa azimayi nthawi imene bambo anatisiyira, ndipo masamu a maola awiri mwini wake anali iyeyo.

"Achemwali, munalonjeza," anatero. "Mumandiyankha za jasi bambo atagona pamphasa?"

Ndinangoyang'ana poto. Amayi, amene anali atakhala chapafupi pamthunzi atafunda nsalu yakuda, anamuitana.

"Usamukalipire mkulu wako. Ndine ndinamuletsa. Khala apa. Tandiuza, nthawi imeneyo unkatani?"

Anakhala. Anayamba monyinyirika, kenako mawu anamasuka. Anati anadzuka kukuzizira koopsa, n'kukwera basi kupita ku masitolo. Wogulitsa anali bambo wachikulire, wa msinkhu ngati wa bambo athu, ndiye anamupempha kuti ayese majasiwo limodzi ndi limodzi. Mkuluyo ankayenda uku ndi uku, manja m'matumba, akudzigomera pagalasi, onse awiri akuseka. Anamuuza kuti bambo ake amakhala kumapiri kumene Juni amaluma, kuti anagwirapo ntchito ku migodi, kuti amavala wotchi ya nthawi ya ku London ndipo ku tchalitchi anawalanda belu chifukwa cha iyo. Mkuluyo anaseka mpaka kugwira tebulo, n'kunena kuti akawapatse moni. Atatuluka anakamwa tiyi, jumbo ili pamiyendo, akuganiza m'mene bambo azikayendera nalo pamsika wa Lizulu.

"Ndinali wosangalala, amayi," anatero, n'kuyambanso kulira. "Ndinali wosangalala bambo atapita kale."

"Kuno," amayi anatero. "Kumeneko anali asanapite. Jasi limeneli unagulira bambo ako amoyo."

Mng'ono wanga, amene anatiphunzitsa ndi mbatata pakhonde paja kuti nthawi ndi imodzi, sanatsutse. Anaika mutu pamiyendo ya amayi, amayi n'kumamusisita pamsana.

Jasi lija sitinaliike m'bokosi. Bambo anapita ndi lawo lakale la ku Joni. Latsopanolo amavala ndi amayi m'miyezi yozizira, atapinda manja kawiri, likutsala pang'ono kukwekwera pansi, popita kukaona kachewere kudimba. Wotchi amaipukusa m'mawa uliwonse, ndipo ikadali m'mbuyo. Mbale zimaswekabe m'nyumba mwathu, koma nthabwala ija sindinainenenso.